Ulendo wa tsiku limodzi ku Nyika: werengani maola musanalize galimoto

Funso: Ndinasamukira ku Mzuzu chaka chatha chifukwa cha ntchito, kwathu ndi ku Zomba. Ana anga awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 12, akundisowetsa mtendere kuti tikaone Nyika imene amaphunzira kusukulu. Tikuganiza zopita Loweruka lina mu Julayi, ine, bambo awo, anawo ndi apongozi anga aakazi amene abwera kudzacheza. Zogona kumeneko thumba silikulola. Kodi n'zotheka kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo? Tili ndi ka Sienta, koma mnzathu wa kutchalitchi angatibwereke pikapu. Nanga njovu ndi mikango tikaziona?

Yankho: Mayi, n'zotheka. Ndaperekezapo alendo ambiri paulendo woterewu, ena anabwerako akuimba, ena anabwerako osalankhulana. Kusiyana kwawo kunali pa chinthu chimodzi: oyambawo anawerengeratu maola ali kunyumba. Choncho tiyeni tiyambe ndi masamu, zokoma zibwera pambuyo.

Kuchoka mu Mzuzu kukafika pa Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70. Mumadutsa Ekwendeni ndi Enukweni pa msewu wa M1, kenako mumakhotera kumanzere cha ku Bwengu n'kuwoloka South Rukuru pa Njakwa, pamene mtsinjewo umapanikizika pakati pa mapiri. Gawo limeneli ndi la phula, ola limodzi ndi mphindi zochepa mwafika. Kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pachipata cha Thazima ndi makilomita ena pafupifupi 60, ndipo kuchoka pachipatapo kukwera mpaka ku Chelinda, kumene kuli pakatikati pa zinthu, ndi enanso pafupifupi 60. Papepala zikuoneka zochepa. Koma makilomita 120 omalizawo mbali yaikulu ndi ya fumbi, ya mabampu, miyala ndi tinjira ta madzi a mvula ya chaka chatha, ndipo dalaivala wanzeru amayenda makilomita 30 pa ola, pena kucheperapo. Ndiye ikani maola awiri pa gawo lililonse. Mukaphatikiza, kupita kokha ndi maola asanu kapena kupitirira pang'ono, kubwerera chimodzimodzi. Maola khumi ndi kanthu mwakhala m'galimoto.

Tsopano onani mbali inayo. Chipata chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo. Mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti faifi, ndipo kwathu kuno mdima suchedwa, likangolowa pakapita mphindi 20 kapena 30 kwada bii. Kuti mufike pa Thazima kukadali kowala muyenera kunyamuka ku Chelinda isanakwane 3 koloko. Ngati mwatuluka mu Mzuzu 4 koloko m'bandakucha, pa Thazima mudzafika cha m'ma hafu pasiti seveni, ku Chelinda cha m'ma 10 mutaimaima panjira. Kuyambira 10 mpaka 3 ndi maola asanu. Amenewo ndiwo maola anu a Nyika, ndipo ola lililonse limene mungachedwe kudzuka likuchoka pa asanu omwewo, osati pa a msewu. Kunyumba mudzalowa cha m'ma 8 kapena 9 usiku.

Nditakhala ine, ndingagone pa Rumphi Lachisanu. Pabomapo pali malo ogona otsika mtengo, osayerekeza n'komwe ndi a pamwamba paphiri, ndipo mwina kutchalitchi kwanu kuli wina amene ali ndi m'bale kumeneko. Mukatero munyamuka 5 koloko mutagona tulo tokwanira, apongozi osadzutsidwa pakati pa usiku ngati kwagwa zovuta, ndipo mupindula pafupifupi theka la ola pamwamba. Ngati zimenezi sizitheka, 4 koloko ikhale 4 koloko yeniyeni, katundu atapakiridwa dzulo lake.

Za galimoto sindizungulira: Sienta isiyeni pakhomo. Si kuti injini yake ndi yofooka, vuto ndi mimba yake imene ili pafupi ndi nthaka, ndiponso timatayala take. Mutanyamula anthu asanu idzakhala ikukhula pansi pa mwala uliwonse. Alipo amene anakafika ndi timagalimoto totere m'chilimwe, ine ndinawaonapo, koma ndinaonanso ena ataima pakati pa tchire mafuta a injini akutayikira m'fumbi. Bwerekani pikapu ija, ndipo ikhale ya zitseko zinayi kuti nonse mukwane kutsogolo. Musayerekeze kuika ana kumbuyo kwa pikapu. Kumunsi adzamwa fumbi, pamwamba adzauma ndi mphepo. Mu Julayi msewu umakhala wouma, choncho chofunika kwambiri ndi kutalika kwa galimoto kuchoka pansi. Nthawi ya dzinja, makamaka Januwale mpaka Malichi, nkhani imasintha, pamafunika yokoka ndi matayala onse anayi komanso dalaivala wodziwa matope.

Bambo a kunyumba aone tayala la sipeya ndi maso awo, alipope, ayese jeke ndi sipanala ngati zikugwiradi pa galimoto imeneyo. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Tsiku lina ndinabwereka galimoto kwa munthu amene ananditsimikizira kuti zonse zili m'malo, tayala linaphulika titadutsa chipata makilomita angapo, ndipo sipanala imene inali pansi pa mpando inali ya galimoto ina. Tinakhala maola atatu tikumvetsera mbalame mpaka kunatulukira lole. Msewu umenewu umapitirira kukatulukira kuchipata cha Kaperekezi kulowera ku Nthalire ndi Chitipa, kotero magalimoto amadutsa ndithu, koma mwa apo ndi apo. Netiweki ya foni nayo imabwera n'kuthawa, malo ambiri kulibiretu. Uzani munthu wina ku Mzuzu nthawi imene mukuyembekezera kubwerako.

Mafuta thirani Lachisanu masana mu Mzuzu, thanki idzaze. Pa Rumphi ndi pomaliza pamene mungadalire, koma m'bandakucha mukhoza kupeza potseka, kapena mafutawo kulibe, monga mukudziwira mmene zimakhalira masiku ena. Ulendo wonse, kuphatikizapo kuzungulira pamwamba, udzapitirira makilomita 400, ndipo galimoto yokwera phiri pa giya yotsika imamwa kuposa mmene munazolowerera m'tauni. Chigubu cha malita 20 kumbuyo sichilemera. Ndalama tengani zogwirika, musadalire za pafoni pachipata. Tenganinso ziphaso za unzika, poti Amalawi amalipira mtengo wawo wotsika m'makwacha, wosiyana ndi wa alendo akunja, ndipo galimoto nayo ili ndi mtengo wake. Mitengoyi imasinthasintha, choncho imbani ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire sabata yomweyo kuti musakadabwe. Mukatero funsaninso za mmene msewu ulili.

Mukadutsa Bolero khalani tcheru ndi zikwangwani. Msewu wina umapitirira kulowera ku Hewe, wa ku Thazima umapatukira kumanja n'kuyamba kukwera. Mukakayika imani mufunse. Kuno ndi kwa Atumbuka, dera la a Chikulamayembe, Chichewa amachimva bwinobwino, koma mukayamba ndi "Monire" n'kutsiriza ndi "Yewo" mudzaona nkhope zikumasuka.

Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kuyesa kuti ulendo ukuyambira ku Chelinda, ndiye amathamanga kuchoka pachipata ngati akuthawa ngongole. Makilomita 60 amenewo ndi theka la zimene mwabwerera. Pa Thazima mudzakhala muli m'nkhalango ya miombo ndi masuku, yofanana ndi ya kwina kulikonse. Mukamakwera mitengo imayamba kufupika, kutalikirana, kenako imangotha, ndipo mwadzidzidzi mwatulukira pabwalo la udzu lopanda malire, zitunda zoterera zikutsatizana mpaka kumene maso alekezera. Inu a ku Zomba munazolowera phiri la miyala, mitengo ya paini ndi maphompho. Ili ndi la mtundu wina. Pamwamba pake sipaoneka ngati phiri n'komwe, pamaoneka ngati dziko lina limene linanyamulidwa n'kuikidwa m'mwamba. Mbali yaikulu ili pakati pa mamita 2,100 ndi 2,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo nsonga yaitali kwambiri, Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Pakati pa njirayi msewu umatsata malire a dziko lino ndi Zambia, pena kulowa ndithu mbali ya Zambia popanda wofunsa pasipoti. Anzathuwo alinso ndi kachigawo kawo ka Nyika, ka makilomita 80 okha m'bwalo lake, pamene yathu ndi yoposa 3,000. Auzeni anawo akafika pamenepo kuti atuluka m'dziko, akakhala ndi chokamba Lolemba kusukulu.

Wamkuluyo akhoza kufunsa chifukwa chake pamwamba palibe mitengo pamene mvula imagwa yambiri. Muyankheni kuti ayang'ane m'zigwa. Adzaona timagulu ta nkhalango yobiriwira kwambiri, yothithikana, titabisala m'makwawa ndi m'mitu ya mitsinje. Pamtetete mitengo yaing'ono imaphedwa ndi zinthu ziwiri, moto wa chilimwe ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene udzu umapsa pamwamba pokha n'kuphukanso kuchokera kumizu. M'zigwa muli chinyezi, moto sulowa msanga, ndiye nkhalango inatsalira mmenemo. Ogwira ntchito m'pakiyi amatentha dala zigawo zina kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, kuti moto wolusa wa mu Sepitembala ndi Okutobala ukabwera upeze potchinga. Mukaona malo akuda opserera musadandaule, m'malo mwake chepetsani liwiro, chifukwa msipu wanthete umene umaphuka pa lupsa ndi umene nyama zimaukonda. Pansi pa udzu wonsewo pali madambo amene amasunga madzi ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. North Rukuru imene imakathira m'nyanja ku Karonga imayambira pano, chimodzimodzi Wovwe imene imapukusa makina a magetsi, ndi mitsinje ingapo imene imadyetsa South Rukuru munawoloka m'mawa ija.

Tibwere ku funso la njovu ndi mikango, chifukwa ndi bwino anawo adziwiretu asanakhumudwe. Mikango musaiyembekezere. Imadutsako mwa kamodzikamodzi kuchokera kwina, koma sikhazikika. Njovu ziliko, ndipo mu 2017 zinawonjezeredwa ndi zina 34 zimene zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde, koma zimakonda nkhalango za m'munsi, ndiye mwayi wanu wozipeza uli pa makilomita oyambirira mukangolowa pa Thazima, osati pamwamba. Nthawi zambiri mudzangoona ndowe pamsewu ndi nthambi zothyoka. Mukakumana nazo imani patali, musalize hutala, zisiyeni zidutse. Akambuku aliko ambiri ndithu, Nyika imatchuka nawo, ndipo amakonda kuoneka m'mphepete mwa nkhalango ya paini ya ku Chelinda, koma nthawi yawo ndi chisisira ndi usiku, pamene inu mudzakhala muli panjira ya ku Rumphi. Umenewo ndiwo mtengo wa ulendo wa tsiku limodzi: maola abwino kwambiri oonera nyama, m'mamawa ndi madzulo, mumawathera pamsewu.

Zimene mudzaone ndi mbidzi, mphoyo, mbawala, njiri, mwina ntchefu, komanso chilembwe. Pa chilembwe ndiimepo pang'ono. Ndi nyama yaikulu ngati bulu wonenepa, yofiirira, ya nyanga zopindikira kumbuyo, makutu aatali osongoka, nkhope yake ngati yapakidwa utoto wakuda ndi woyera. M'mapaki ambiri a mu Africa ndi yosowa, anthu amalipira ndalama zambiri n'kubwerera osaiona. Ku Nyika imadya msipu m'mbali mwa msewu ngati ng'ombe za a mfumu. Mukaiona musaithamangire ndi maso n'kufunsa kuti njovu zili kuti. Mbidzi zakenso ziyang'anitsitseni, mizere yake ndi yopyapyala ndi yoyandikana kuposa ya mbidzi zimene ana amaona m'mabuku, ndipo imafika mpaka kumapazi. Poti kulibe tchire lobisalamo, nyama zimaonekera patali kwambiri, choncho ngati pali amene angakubwerekeni choonera patali, chitengeni. Kunena chilungamo, Julayi si mwezi wa magulu aakulu. Kukazizira nyama zambiri, makamaka ntchefu ndi mbidzi zina, zimatsikira m'nkhalango zofunda za m'munsi, n'kudzakweranso kukayamba kutentha. Mudzazionabe, koma amene amapita mu Okutobala kapena Novembala amaona zochuluka. Ubwino wa Julayi ndi msewu wouma ndi thambo loyera, utsi wa moto wa tchire usanaphimbe mapiri.

Mbalame zokha zaposa mitundu 400. Ngakhale musakhale okonda mbalame, imodzi idzakuimitsani: yaikulu ngati nkhukundembo, ya khosi lalitali, yoyenda monyadira m'udzu, imene m'Chingerezi amaitcha Denham's bustard.

Nanga maola asanu aja muwagwiritse bwanji? Apa m'pamene pusi anagwa chagada. Pamapu mudzaona maina okopa: Nganda, thanthwe la Jalawe kumpoto kumene munthu amaona mpaka kunyanja kukakhala koyera, phanga la Fingira kummwera kumene kuli zojambula za anthu akalekale, nkhalango ya mitengo ya juniper imene ndi imodzi mwa zakummwera kwenikweni mu Africa yense. Onsewa ndi malo abwino, koma lililonse lili pa makilomita 20, 30 kapena 40 kuchoka ku Chelinda pa tinjira toipa kuposa msewu waukulu, kenako n'kuyendanso pansi. Amenewo ndi a anthu ogona. Inu khalani pafupi ndi Chelinda, ndipo simudzaperewedwa kanthu.

Ine ndikanayamba ndi nyanja ya Kaulime, imene ili makilomita osakwana khumi kumadzulo kwa Chelinda, mbali yomwe mukuchokera. Ndi kanyanja kakang'ono, kokhako kachilengedwe pamwamba ponsepo, ndipo nyama zimabwera kudzamwa. Kwa anthu a m'derali ndi malo aulemu. Akuluakulu amasimba za njoka yaikulu ya mizimu yokhala m'madzimo, ndipo kale ankapita kumeneko kukapempha mvula. Apongozi anu adzaimva bwino nkhani imeneyi, mwina adzakumbukira za kwawo. Anawo auzeni asaponyemo miyala. Mukachoka apo pitani ku Chelinda mukaonekere ku ofesi, mufunse kumene nyama zaonedwa m'mawa umenewo, ndipo ngati alipo woperekeza alendo amene ali ndi mpata, mutengeni. Ndalama imene mungamupatse idzabwerera, poti maso ake amaona chilembwe pamene inu mukuona chulu. Iyeyo ndi amenenso angakuuzeni kumene mungatsike n'kuyenda pansi ndi kumene simuyenera kutero.

Chelinda mudzaizindikira ndi nkhalango ya paini imene yaima yokha pakati pa udzu ngati mlendo. Ndi mlendodi. Inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950 nthawi ya atsamunda poyesa ngati pamwambapa pangakhale munda waukulu wa mitengo, koma kutalika kwa njira kunagonjetsa maganizowo. Pafupi pake pali madamu atatu amene anaikidwamo nsomba za trout zochokera kunja, zokonda madzi ozizira, ndipo kuwedza kwake kumafuna chilolezo. Damu loyamba lili pakhomo penipeni pa malo ogona alendo, mbawala zimayendayenda pamenepo mosaopa anthu. Msewu wozungulira madamuwo, kuphatikizapo kukwera pachitunda cha Chosi, ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena awiri mukuyenda mwachifatse. Pa Chosi galimoto imafika pafupi, apongozi sadzavutika, ndipo mudzaona Nyika mbali zonse zinayi. Nkhomaliro idyereni pamenepo ngati mphepo yalola, apo ayi m'mbali mwa damu. Zimitsani injini, ana akhale chete mphindi zisanu zokha. Bata la pamalo paja ndi limene alendo anga ambiri amalikumbukira kuposa nyama.

Mathithi a Chisanga pa North Rukuru anthu amawafunsa kawirikawiri chifukwa ali kufupi ndi msewu wa ku Kaperekezi. Ndi okongola, koma pamafunika kutsika phiri wapansi n'kukweranso, maola awiri onse pamodzi, ndipo kukwerako n'kowawa. Ndi apongozi komanso wa zaka 8, ine ndingawasiye.

Za kuzizira ndikuchenjezeni mwamphamvu, poti anthu a ku Mzuzu amadziyesa akatswiri a chisanu. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, Chelinda pafupifupi 2,300. Ndiye tengani m'mawa wa Julayi wa ku Mzuzu uja mumadandaula nawo, chotsanipo madigiri 6, onjezanipo mphepo yopanda chotchinga. Usiku kumagwa chisanu chochita kuyeretsa udzu, madzi osiyidwa panja pena amaundana. Masana dzuwa likawala kumakoma, koma mtambo ukangodutsa mano amayamba kugundana, ndipo nkhungu ikhoza kutsika nthawi iliyonse n'kubisa ngakhale boneti ya galimoto. Ikatero yatsani nyali, yendani pang'onopang'ono kapena imani, imadutsa. Aliyense atenge juzi ndi jekete, chipewa chofunda, sokosi ndi nsapato zotseka. Apongozi muwatengere bulangete lenileni, chitenje chokha sichikwanira. Chodabwitsa n'chakuti dzuwa la pamwambapo limawotcha khungu munthu akumva kuzizira, milomo imang'ambika, choncho mafuta odzola akhale pafupi.

Mpweya wopuma nawonso ndi wopepuka, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a umene uli m'mbali mwa nyanja yamchere. Kwa munthu wathanzi zimangotanthauza kupuma mwawefuwefu pokwera kachitunda. Koma ngati mayiwo ali ndi vuto la mtima, la kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja, asakakamizidwe kuyenda, ndipo ngati matendawo ndi aakulu ayambe afunsa kuchipatala kumene amalandirira mankhwala. Chipatala chachikulu chapafupi chili pa Rumphi, maola anayi kuchoka ku Chelinda.

Chakudya nyamulani chokwanira tsiku lonse, ndi china chapadera choti mwina mwachedwa panjira. Ku malo ogona alendo amaphika, koma kwa amene anawauziratu, ndipo mitengo yake ndi ya alendo. Mpunga ndi nkhuku m'kontena, mbatata yophika, mazira, nthochi, mandasi, ndi mafulasiki awiri a tiyi wa mkaka, amene pa Chosi adzakoma kuposa tiyi aliyense munamwapo. Madzi akumwa malita asanu kapena kuposa, ndi ena a galimoto. Moto musakoleze paliponse, ndipo bambo ngati amasuta asataye chotsalira m'udzu. Zinyalala zonse zibwerere nanu ku Mzuzu. Galimoto isachoke mumsewu kutsatira nyama, matayala amasiya zipsera zimene zimakhala zaka, ndiponso madambo aja amameza galimoto ngakhale mu Julayi.

Pali chinthu china chimene mwezi wanu simudzachiona, koma ndi bwino anawo achidziwe. Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo nthawi ya mvula, makamaka Januwale ndi Febuluwale, udzu wonse uja umadzaza maluwa. Ena mwa maluwa amenewa ndi omwe timachubu tawo ta pansi timapangira chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda. Malonda ake akula kwambiri, ndipo anthu amalowa mozemba kudzakumba, chonsecho ukakumba kachubu wapha chomera chonse. Ndi umodzi mwa milandu imene alonda a pakiyi amalimbana nayo, pamodzi ndi misampha ndi moto. Sindinena izi monyoza anthu a m'mphepetemo. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo pamene inakulitsidwa mu 1978 midzi yambiri inasamutsidwa, anthu anasiya minda, manda a makolo ndi malo opembedzerapo. Aphoka anakhala m'mapiri amenewa kwa mibadwo, ndipo ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo zikuonekabe m'malo ena. Ana ndi adzukulu a osamutsidwawo ndi amene mudzawadutse m'midzi ya kufupi ndi chipata. Kuyambira 2023 boma likuyendetsa Nyika ndi malo osungirako nyama zakutchire a Vwaza mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pa pangano la zaka 20, ndipo muyeso wanga pa pangano limeneli ndi woti anthu a m'midzi ija apindule mooneka. Inu mbali yanu ndi yaing'ono: chepetsani liwiro podutsa m'midzi kuti musawathire fumbi, ndipo mukapeza uchi ukugulitsidwa, gulani. Alimi a njuchi a m'mphepete mwa pakiyi amatulutsa uchi wabwino zedi.

Pikapu ija ikakanika, musakakamire Sienta, sinthani ulendo. Vwaza ili pafupi, makilomita pafupifupi 30 kuchoka pa Rumphi kukafika ku nyanja ya Kazuni, ndipo m'chilimwe njovu zimabwera kudzamwa pamenepo, mvuu zili m'madzi tsiku lonse. Kwa ana ofuna njovu kumeneko n'kotsimikizika kuposa Nyika. Kokha kuli akashembe, amene amafalitsa matenda a kaodzera, ndiye valani zamanja aatali zosakhala zakuda kapena zabuluu, mawindo akhale otseka podutsa m'tchire, ndipo wina akadzatentha thupi masabata otsatira mukanene kuchipatala kuti munali ku Vwaza.

Pobwerera, 3 koloko ikamakwana mukhale mutayamba kale kutsika, ngakhale ana achonderere. Nthawi imeneyo kuwala kumakhala kokoma, nyama zayamba kutuluka, ndipo mudzaima kangapo musanafune, choncho siyani mpata wa zimenezo. Potsetsereka bambo agwiritse giya yotsika, asapondereze mabuleki njira yonse, amatentha n'kusiya kugwira. Ngati nonse awiri mumayendetsa, gawanani: amene wayendetsa pamwamba apumule kuyambira pa Thazima, chifukwa gawo loopsa kwambiri la tsikuli ndi lomaliza, M1 usiku, munthu atatopa, njinga zopanda nyali ndi malole zili pamsewu. Imani pa Rumphi, mumwe tiyi wotsala, mutambasule miyendo. Lamulungu mukachoka kutchalitchi pikapu ya eni ake ikatsukidwe mpaka kunsi, sefa ya mpweya aipuntheko fumbi, thanki ibwerere mmene munaipezera, ndipo botolo limodzi la uchi uja likhale pampando wa dalaivala.